Kodi tizilombo ta m'dothi totchedwa conehead ndi ana a bwannoni?

Funso ili lachokera kwa mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza. Iwo alemba kuti: "Ndinkakonzekera phunziro la tizilombo ndipo ndinafuna kudziwa gulu la bwannoni. Pa intaneti ndinapeza kuti ali m'gulu lotchedwa conehead. Nditafufuzabe dzina lomwelo ndinaona kachilombo koyera, kopanda maso ndi mapiko, kokhala m'dothi, komwe nakonso akuti ndi conehead. Popeza abwannoni amangotulukira mwadzidzidzi kumapeto kwa dzinja, kodi n'kutheka kuti timeneti ndi ana awo amene amakulira pansi pa nthaka? Ndikufuna kukawauza ana zoona."

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa musanaime pamaso pa ana, chifukwa maganizo amenewa ndi okoma m'khutu ndipo mwana akawamva kamodzi sangawaiwale. Koma si zoona. Kachilombo koyera kamene mwakaonako kali m'gulu limene akatswiri amalitcha Protura, ndipo kamabadwira m'dothi, kukulira momwemo, kuswana ndi kufera momwemo popanda kumerapo mapiko. Bwannoni ali m'banja lina kotheratu, la Tettigoniidae, ndipo moyo wake wonse, kuyambira ali dzira mpaka usiku umene amakagwa pansi pa getsi, umathera mu udzu. Chimene chawalumikiza ndi dzina wamba la Chingerezi lokha, lotanthauza mutu wosongoka, limene anthu osiyana, pa nthawi zosiyana, anapatsa zamoyo zingapo ataona kuti mitu yake ndi yosongoka. Anthu awiri akavala zipewa zofanana pa tsiku la msika sitinena kuti ndi a mfunda umodzi. Makolo a magulu awiriwa analekana zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, kotero kuti bwannoni ali pa chibale chapafupi ndi njuchi, ntchentche ngakhale gulugufe kuposa ndi kachilombo ka m'dothiko.

Tiyambe ndi amene tonse timamudziwa. Dzina la sayansi la bwannoni ndi Ruspolia differens, ndipo amene anayamba kumufotokoza m'mabuku a sayansi ndi katswiri wa ku France, Audinet-Serville, m'chaka cha 1838. M'mabuku akale a zaulimi mukhoza kumupeza atalembedwa Homorocoryphus, koma ndi yemweyu. Banja lake lili ndi mitundu yoposa 7,000 pa dziko lonse. A ku America amaitchula katydid, a ku Britain amati bush-cricket, ndipo m'kati mwa banjalo muli nthambi ya Conocephalinae, ya mitu yosongoka, m'mene muli bwannoni wathu. Amapezeka m'mayiko ambiri a kumwera kwa chipululu cha Sahara: Ababemba a ku Zambia amamutcha nshonkonono, a ku Uganda amati nsenene, ndipo a ku Bukoba m'dziko la Tanzania amati senene.

Njira yabwino yophunzitsira ana ndi kuwapatsa bwannoni wamoyo pamodzi ndi chiwala wamba, n'kuwauza kuti ayang'anitsitse okha. Ayambe ndi tinyanga ta kumutu. Ta chiwala ndi tatifupi ndi tonenepa, sitifika ndi theka lomwe la thupi, pamene ta bwannoni ndi tatitali, toonda kwambiri, ndipo timagwedezeka nthawi zonse. Kenako aone mutu cham'mbali. Pakati pa tinyanga tiwirito pali kansonga kotulukira kutsogolo, ndipo nkhope inapendekera cham'mbuyo kotero kuti pakamwa pali chapansi, pafupi ndi chifuwa. Kansonga kameneka ndiko kanabweretsa dzina lija, ndipo akatswiri amakagwiritsa ntchito posiyanitsa mitundu yofanana, popeza mwa ina ndi kobuntha, mwa ina ndi kakatali, mwa inanso kali ndi mzere wakuda kunsi. Thupi lonse, kuchokera pa nsongayo kufika kumapeto kwa mapiko, ndi lalitali ndi losongoka mbali zonse ziwiri, ndipo mwini wake akaima chilili motsamira phesi la udzu, mbalame imamudutsa osamuona.

Pano ndikuchenjezeni za chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale ophunzira a ku sekondale. Kuli ziwala zina zoonda, za mutu wautali wosongoka kwambiri kuposa wa bwannoni, za mtundu wa Acrida, zimene ana amazigwira masana m'mabwalo a mpira. Mwana wochenjera adzakubweretserani chimodzi n'kunena kuti wapeza conehead weniweni. Muuzeni ayang'ane tinyanga: ndi tatifupi ndi taphwatalala, kusonyeza kuti chimenecho ndi chiwala basi.

Bwannoni wamkazi ali ndi chiwalo chachitali, chowongoka ndi chopyapyala kumapeto kwa mimba, chimene ana ambiri amachiyesa mbola. Si mbola ayi, n'choikira mazira, ndipo sichibaya munthu. Choopa chili kukamwa, chifukwa nsagwada zake zinalimba kuti ziziswa njere za udzu, ndipo aliyense amene anasadzulako abwannoni amoyo akudziwa kuti amaluma mpaka khungu kuchubuka. Ululu wa poizoni alibe.

Nkhani ya kulira kwake ndiyo imaonetsa bwino chibale chake chenicheni. Ife kukhitchini timamuika m'gulu la ziwala, koma pa mapangidwe a thupi bwannoni ndi mbale wa nkhululu. Ziwala zambiri zimene zimalira zimatero pokhuza mwendo wam'mbuyo pa phiko, pamene bwannoni ndi nkhululu amakhuza phiko pa phiko linzake. Kunsi kwa phiko lakutsogolo lakumanzere la bwannoni wamphongo, kufupi ndi pamene lamerera, kuli mzere wa timano ting'onoting'ono, ndipo m'mphepete mwa phiko lakumanja muli polimba pamene pamapala timanoto. Pambali pake pali kachikopa kopyapyala koonekera, kamene kamanjenjemera n'kukweza mawuwo. Mukatukula pang'ono mapiko a wamphongo n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, kachikopako mukaona. Wamkazi alibe, chifukwa iye saimba. Mawu ake ndi mluzu wosadukiza, wokwera kwambiri, ndipo anthu ambiri achikulire sawamvanso pamene ana ali pambali pawo akuti akusokosera. Ku Britain anthu ofufuza abale ake a kumeneko amayenda ndi timakina tomvera mileme kuti awapeze mu udzu. Ku North America kuli wina, Neoconocephalus robustus, amene amakhuza mapiko ake pafupifupi ka 200 pa sekondi imodzi, ndipo asanayambe kuimba amayamba wanjenjemeretsa minofu ya m'chifuwa kuti itenthe, popeza ili yozizira singathamange chotero.

Makutu ake sali kumutu. Ali pa miyendo yakutsogolo, m'munsi pang'ono mwa bondo, pamene pamaoneka timing'alu tiwiri, pamene makutu a chiwala ali m'mbali mwa mimba, pansi pa mapiko. Mu 2012 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Fernando Montealegre-Z linafalitsa zimene linapeza pa khutu la conehead wina wa pa chilumba cha Gorgona ku Colombia, wotchedwa Copiphora gorgonensis. Anapeza kuti khutulo, ngakhale silifika milimita imodzi, limagwira ntchito m'masitepe atatu ofanana ndi a khutu la munthu: kachikopa kolandira mawu, kachiwalo kolimba kopatsira kunjenjemerako, ndi kathumba ka timadzi m'mene mawu okwera ndi otsika amasiyanitsidwa. Makutu amenewa si omvera nyimbo za amuna zokha. Zinaonetsedwa pa mtundu wina wa ku America kuti ukamauluka usiku n'kumva kulira kwa mleme umene ukusaka, umapinda mapiko n'kudzigwetsa pansi.

Tsopano tifike pa chimene chinakupatsani maganizo aja, chakuti abwannoni amachokera kuti. Wamkazi amalowetsa choikira mazira chija pakati pa phesi la udzu ndi tsamba limene lalikuta, n'kusiya mazira ataliatali atandandalika m'menemo. Pakapita milungu ingapo mazirawo amaswa, ndipo chimene chimatuluka si mphutsi kapena mbozi ayi, koma kabwannoni kakang'ono kofanana ndi makolo ake m'zonse kupatula mapiko. Kali ndi maso, tinyanga tatitali, mutu wosongoka ndi miyendo yodumphira. Kamadya, n'kufundula, n'kudyanso, n'kufundulanso, kasanu kapena kuposerapo, ndipo m'mafundulo omaliza timapiko timayamba kuoneka pamsana. Kuchokera pa kuswa kufika pa kukhwima pamapita pafupifupi miyezi iwiri, malingana ndi kutentha ndi chakudya. Palibe nthawi imene kamakhala pansi pa nthaka. Nkhululu ndiyo imakumba una, ndipo nyenje ndiyo imakulira m'dothi ikuyamwa mizu. Mwina kudziwa za awiriwa n'kumene kunachititsa kuti maganizo anu aoneke omveka.

Chifukwa chimene sitiwaonera ali aang'ono ndi chakuti ndi obiriwira, amakhala m'kati mwa udzu wautali, ndipo amadya usiku. Chakudya chawo chachikulu ndi maluwa ndi njere zanthete za udzu wa mitundu yambiri, kuphatikizapo tsekera ndi kapinga, ndipo akapeza mpunga, mapira kapena mawere zili pa mkaka samazisiya, n'chifukwa chake alimi ena amawaona ngati adani. Kafukufuku wa ku Uganda anaonetsa kuti m'malo a udzu abwannoni amakhalamo chaka chonse, koma ochepa ndi omwazikana. Mvula ikagwa bwino udzu umachita maluwa nthawi imodzi m'madambo ndi m'zigwa zonse, ana ochuluka amapeza chakudya ndipo amakhwimira limodzi, kenako amanyamuka usiku m'magulu. Kuno kwathu, kumene dzinja ndi limodzi, izi zimachitika mvula ikamatha, makamaka cha mu Epulo ndi Meyi. Ku Uganda, kumene mvula imagwa nyengo ziwiri, amagwa kawiri pa chaka, cha mu Epulo ndi Meyi komanso mu Novembala ndi Disembala. Akatswiri awiri, W. J. Bailey ndi A. W. R. McCrae, analemba mwatsatanetsatane za kuuluka kumeneku mu 1978. Magetsi a m'misewu ndi a pa masitolo sabala abwannoni, amangosonkhanitsa pamalo amodzi amene akanadutsa mumdima osaoneka. Ngati mukufuna umboni woti ana augwire ndi manja, pitani nawo ku dambo mu Febuluwale kapena Malichi, mukokolole nsonga za udzu ndi kathumba ka nsalu komangirira pa waya, ndipo mupezamo tiana topanda mapiko ta mitu yosongoka.

Ana adzafunsanso chifukwa chimene ena ali obiriwira, ena ofiirira ngati udzu wouma, ndipo ena ali ndi mizere yofiirira mwakuda pamsana kapena pamutu. Onsewo ndi mtundu umodzi ndipo amakwerana. Obiriwira amachuluka pakati pa aakazi, ofiirira pakati pa amphongo, ndipo chiwerengero cha mitundu iwiriyi chimasinthasintha ndi nyengo.

Musawasokoneze ndi dzombe. Dzombe ndi chiwala cha tinyanga tatifupi chimene chimasintha maonekedwe ndi khalidwe chikapanikizana, ana ake amayenda pansi m'magulu, ndipo akuluakulu amauluka masana n'kudya masamba a mbewu. Dzombe lofiira limaswana m'zigwa za nyanja ya Chilwa ndi Chiuta, ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la mayiko angapo limene likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia. Kusiyanitsaku kuli ndi phindu lenileni pa nkhani ya chakudya: kulikonse kumene kwapoperedwa mankhwala, kaya olimbana ndi dzombe kapena ntchemberezandonda, ziwala ndi abwannoni a kumeneko asadyedwe, makamaka amene atoledwa atafa kale kapena atalefuka.

Pa za kudyako, anthu a ku Uganda anatipitirira kutali. Kwa Abaganda mwezi wa Novembala umatchedwa Musenene, pali fuko la Nsenene limene silidya kachilomboka, ndipo mwambo wakale unkalola amayi kugwira ndi kukazinga koma osalawa. Lero ndi malonda aakulu, makamaka ku Masaka ndi ku Kampala. Amaimika malata onyezimira mopendekeka m'migolo, n'kuyatsa mababu amphamvu pamwamba pake, n'kufukiza utsi wa udzu wauwisi. Abwannoni amazungulira kuwalako, kuomba malata, n'kutsetserekera m'migolo. Zoyeza za m'malabotale zimaonetsa kuti bwannoni wouma ali ndi zomanga thupi zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo pafupifupi theka lake ndi mafuta, n'chifukwa chake mayi wodziwa ntchito yake sathira mafuta m'chiwaya, amangowaza mchere. Misampha ya magetsiyo ili ndi mavuto ake. Mababu amphamvu, makamaka amene achotsedwa galasi lakunja, amapweteka maso ndi khungu, ndipo kuwala komweko kumaitana kachikumbu kakang'ono ka mizere yakuda ndi yofiira, ka mtundu wa Paederus, kamene kakatswanyidwira pa khungu kamatulutsa matuza. Akatswiri a ku yunivesite ya Makerere ndi a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Nairobi akhala akuyesa kuweta abwannoni kuti azipezeka chaka chonse. Chimodzi mwa zopinga zazikulu ndi chakuti akapanikizana kapena chakudya chikachepa amadyana okhaokha, makamaka amene angofundula kumene thupi lili lofewa. Ine ndimaona kuti kwa ife chofunika msanga si makola, koma madambo: udzu ukatenthedwa kapena kulimidwa wonse, mazira ndi ana amapita nawo limodzi.

Abale ake a kutali ndingowatchula mwachidule. Ku Britain kuli Conocephalus fuscus wa mapiko aatali ndi Conocephalus dorsalis wa mapiko aafupi. Woyambayo ankapezeka ku gombe la kumwera kokha, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 wafalikira chakumpoto. M'nkhalango za ku Central America muli Copiphora rhinoceros, amene nsonga yake ya pamutu inatalika n'kukhala nyanga, ndipo amadya tizilombo tinzake kuwonjezera pa zomera. Dzina lomweli linapatsidwanso kwa chiswe china, Nasutitermes corniger, cha ku Central America, South America ndi zilumba za Caribbean, chimene chinapezeka chitalowa ku Florida mu 2001. Asilikali ake ali ndi mutu wosongoka umene amafayira nawo timadzi tomata pa nyerere. Kuno ku Africa chiswe chodula udzu cha mtundu wa Trinervitermes chili ndi asilikali otero. Ngakhale chiswamphika china cha m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, Empusa pennata, chimatchedwanso conehead. Mukuona kuti dzinali lagwera zamoyo zinayi zosiyana.

Tibwere ku kachilombo kanu ka m'dothi, kamene m'maganizo anga ndi kodabwitsa kuposa bwannoni. Dziko la sayansi linakadziwa mochedwa kwambiri. Munali mu 1907 pamene katswiri wa ku Italy, Filippo Silvestri, anafotokoza mtundu woyamba, n'kuupatsa dzina la Acerentomon doderoi polemekeza Agostino Dodero amene anautola m'dothi la ku Genoa. Pa nthawiyo agulugufe ndi zikumbu zikwizikwi za m'mayiko akutali zinali zitalembedwa kale m'mabuku, koma gulu lathunthu limene linali pansi pa mapazi a akatswiri omwewo linali losadziwika. Mu 1909 katswiri winanso wa ku Italy, Antonio Berlese, analemba za tizilomboti mwakuya, ndipo iye anaganiza kuti tili pafupi ndi bongololo ndi namkalizi. Lero mitundu pafupifupi 800 ndi yodziwika, m'makontinenti onse kupatula Antarctica. Mmodzi mwa anthu amene anagwira ntchito yaikulu pa gululi ndi mayi wa ku China, Yin Wenying, amene mu 1965 anafotokoza kamtundu kofiirira kamene anakapeza pafupi ndi Shanghai, Sinentomon erythranum, kosiyana ndi tina tonse kotero kuti kanafunika banja lakelake, ndipo pambuyo pake anafotokoza mitundu yatsopano yoposa 100.

Kukula kwa Protura nthawi zambiri sikupitirira mamilimita 2, ndipo tambiri tili pakati pa theka la milimita ndi milimita imodzi ndi theka. Thupi ndi lalitali, loonda, loyera kapena lachikasu pang'ono. Kalibe maso, kalibe mapiko, ndipo chodabwitsa kwambiri n'chakuti kalibe tinyanga ta kumutu, timene pafupifupi zamoyo zonse za miyendo isanu ndi umodzi zili nato. M'malo mwake kamatukula miyendo iwiri yakutsogolo, imene ili ndi tiubweya tomvera fungo ndi kukhudza, n'kuilozetsa kutsogolo m'mbali mwa mutu, ndipo kamayenda pang'onopang'ono ndi miyendo inayi yotsalayo. Munthu akakaona koyamba pa maikulosikopu amayesa miyendo iwiriyo ndiyo tinyanga, n'kumadabwa kuti kachilombo ka miyendo inayi kachokera kuti. M'mbali mwa mutu muli timadontho tiwiri tooneka ngati maso, koma si maso oonera. Mutuwo ndi waung'ono, wotakata kumbuyo ndi wosongoka kutsogolo. Apa pali kusiyana kumene ana angakugwire: nsonga ya bwannoni ili pamphumi, pamwamba pa nkhope, pamene nsonga ya Protura ndi pakamwa penipeni.

Ziwalo zake zodyera ndi zoonda ndi zakuthwa, ndipo zimabisika m'kathumba m'kati mwa mutu, osati kuonekera kunja monga nsagwada za chiwala. Chifukwa cha zimenezi ndi zina, akatswiri ambiri masiku ano saika Protura m'gulu la Insecta, m'mene muli ziwala, njuchi ndi agulugufe, koma pambali pake, pamodzi ndi timagulu tina tiwiri ta m'dothi totchedwa Collembola ndi Diplura. Tina timapuma kudzera m'timipaipi ta mpweya totsegukira m'mbali mwa chifuwa, koma tambiri timangopumira pa khungu, ndipo n'chifukwa chake dothi likauma timafa msanga kapena kutsikira pansi. Kakulidwe kakenso ndi kachilendo. Kamaswa kali ndi mfundo 9 za mimba, ndipo pofundula kamawonjezera mfundo mpaka zitakwana 12, chinthu chimene bongololo amachita koma chiwala, bwannoni kapena kachilombo kalikonse ka gulu la Insecta sikachita. Kakafika mfundo 12 n'kukhwima ziwalo zoberekera, kafika pamapeto pa kukula kwake, kadakali kochepa kuposa kabwannoni kongoswa kumene.

Chakudya chake ndi bowa, koma osati chipewa chimene timazula. Gawo lalikulu la bowa ndi timaulusi toyera toyanga m'dothi, ndipo Protura amaboola timaulusito n'kuyamwa za m'kati mwake. Amakonda makamaka bowa amene amakuta mizu ya mitengo, kupatsa mtengo madzi ndi mchere wa m'nthaka, n'kulandira shuga kuchokera ku mtengowo. Mitengo ya miombo, masuku ndi paini imakhala ndi bowa wotere, ndipo ndicho chifukwa chake manyame ndi ndelema samera m'munda wa chimanga koma pansi pa mitengo ya m'tchire. Tizilomboti sitiluma munthu, sitidya mbewu, ndipo palibe chifukwa chotigulira mankhwala. M'dothi la m'nkhalango lonyowa timatha kukhala zikwi zingapo pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, makamaka m'masentimita 10 apamwamba, pamene m'minda yolimidwa ndi kutenthedwa chaka ndi chaka timachepa.

Mukhoza kutifunafuna ndi ana anu, ndipo chida chake chinayambitsidwa ndi Berlese yemwe uja mu 1905, n'kukonzedwanso ndi Albert Tullgren wa ku Sweden mu 1918. Dulani botolo lapulasitiki la malita 2 pakati, mutembenuze chigawo cha kukamwa kuti chikhale fanulo, muike sefa ya mabowo ocheperapo m'kati mwake, ndipo pansi muikepo kabotolo ka sipiriti. Pa sefapo ikani mosamala dothi lodzaza manja awiri, lotengedwa m'nyengo ya mvula pamthunzi, pansi pa masamba owolerana, pamene mukuona timaulusi toyera ndi timizu. Ku Dedza malo abwino ndi pansi pa miombo kapena masuku a m'mphepete mwa phiri, ngakhalenso pansi pa paini wakale. Nkhalango za kumanda zili ndi dothi loyenera kwambiri ntchitoyi, koma inu a kumeneko simufunika kuti ine ndikuuzeni chifukwa chimene simungatengereko ana a sukulu. Pamwamba pa dothilo pachikani babu lotulutsa kutentha pang'ono, chifukwa mababu amakono a LED satenthetsa mokwanira. Ngati magetsi palibe, ikani chidacho m'chipinda chouma, chofunda, ndipo mudikire nthawi yotalikirapo. Dothi likamauma kuchokera pamwamba, tamoyo tonse timathawira pansi mpaka kugwera mu sipiritimo. Musafulumize ndi kutentha kwambiri, popeza Protura ndi woyenda pang'onopang'ono ndipo angaumire m'njira. Mukagwiritsa ntchito babu, mlungu umodzi ndi wokwanira.

Zochuluka zimene mudzapeze ndi tinthata ta m'dothi ta miyendo isanu ndi itatu, ndi Collembola amene ali ndi tinyanga toonekera bwino ndipo ambiri ali ndi kachiwalo kodumphira kunsi kwa mimba. Thirani sipiritiyo m'kambale kakuda kuti tinthu toyera tioneke, ndipo mufunefune kachilombo koonda, kowongoka, kopanda tinyanga, kamene miyendo yake yakutsogolo yaloza kutsogolo kupitirira mutu. Galasi lokulitsa zinthu ka 20 likhoza kukuonetsani maonekedwe ake, koma kuti muwerenge mfundo za mimba mufunika kubwereka maikulosikopu ku sekondale yapafupi. Ulendo woyamba mukapanda kukapeza, katengeni dothi lina pamalo onyowa kwambiri ndi lakuya pang'ono, ndipo mukweze babu kuti kutentha kuchepe. Kudziwa mtundu wake weniweni kumafuna kukaika pa kagalasi n'kuwerenga tiubweya ta pa miyendo yakutsogolo ndi pamsana, ntchito imene akatswiri ochepa okha amaitha. Choncho mukakapeza kasungeni m'kabotolo ka sipiriti kotsekeka bwino, muikemo kapepala kolembedwa ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka, kosonyeza malo, tsiku ndi mtundu wa mtengo umene munatenga dothi pansi pake.